Chiwindi cha Mbuzi cha pa Mphambano

Mzimba Boma,
Lolemba, 7 Julaye.

Okondedwa achemwali anga a Nelia,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumudzi ku Malomo? Mwendo uja unaleka kutupa? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ndamva kuti soya chaka chino wakuchitirani ulemu, tithokoze Mulungu. Ine kuno thupi lili bwino, kungoti kuzizira kwa Mzimba mwezi uno sikuona nkhope. Mphepo ikatsika kuchokera ku Luwawa m'mawa, choko chimachita kundipulumuka m'manja ana akuona.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene foni ndili nayo. Ndayesa kawiri kukuimbirani, koma mukangoti halo, pakamwa panga pamangotuluka zoti zonse zili bwino. Sizili bwino, achemwali. Khalani pansi, muwerenge nokha kaye, ndipo muwerenge mpaka pamapeto.

Mukukumbukira ntchito imene munandipatsa mu Meyi. Munati mwana wanu Mthokozi wapeza mwamuna ku Kasungu komwe amagulitsa mankhwala m'famase, dzina lake Tumbikani, wa ku Engutwini, wobwera kumene kuchokera ku Joni. Munati popeza ine ndine malume wake, mwini mbumba, ndipo boma linanditaya kwawo kwa mnyamatayo, ndifufuze tisanalankhule za chinkhoswe. Mafunso munandipatsa atatu basi: kodi amamwa, kodi alibe mkazi kapena mwana kwina, nanga kwawo ndi anthu otani.

Chomwe Mthokozi ankadziwa n'chakuti kwawoko ali ndi bala kwinakwake, ndipo mnyamatayo amaperekera makireti m'mabala a m'boma muno ndi galimoto yake. Ine ndinati khalidwe la mwamuna silidziwika kutchalitchi, limadziwika m'bala. Inu munaseka n'kunena kuti ntchito yapeza mwini wake. Munanena zoona, ngakhale munkaseka.

Loweruka loyamba masana ndinalowa bala ya pafupi ndi depoti, imene anthu amangoti pa Chigayo. Achemwali, ine ndamwa mowa zaka makumi awiri, ku Ntchisi, ku Dowa, ku Lilongwe, koma zoterezi ayi. Botolo linabwera lofunda ngati tiyi wa wodwala. Nditafunsa za furiji, wogulitsayo anandilozera monyadira, ndipo nditasuzumira ndinapezamo nsapato ziwiri ndi jombo imodzi. Akuti inafa chaka chatha.

Chotsegulira analibe, botolo langa analitsegula ndi mano. Tambula anandipatsa ili ndi milomo yofiira ya munthu wina. Ndinaitanitsa mang'ina kuti mwina msuzi unditsitse mtima, koma anabwera ali ndi ubweya wake wonse, ngati ng'ombeyo ibweranso kudzawatenga. Asa! Ndinangofunsa za Tumbikani mwachangu. Anati amamudziwa, amabwera Lachinayi, ndipo mowa salawa n'komwe, amangomwa zoziziritsa kukhosi. Ndinatuluka botolo lili pakati.

Loweruka lachiwiri ndinapita pa Makontena, kumene kumamwera anyamata a malole a matabwa a ku Luwawa. Kumeneko furiji ilipo ndipo imagwira, ndisawanamizire. Koma amasungiramo nsomba. Ukati upendeke botolo, mphuno imayamba yadya usipa mlomo usanalawe kanthu. Masipika awiri ankalira nyimbo ziwiri zosiyana, pa TV pali mpira wopanda mawu, anthu akukuwa ngati akuthamangitsa nyani m'munda.

Kanyenya wake ankakazingidwa panja m'chiwaya, m'mafuta akuda bii, oti mwina anayamba ntchito ine ndisanabwere ku Mzimba. Wokazingayo ankamina ndi dzanja lomwelo lowazira mchere. Za kuchimbudzi ndisakuuzeni, mwina mukuwerenga mukudya. Ndingoti ndinafika pakhomo, ndinaona, ndipo ndinabwerera nazo zanga.

Bambo wina wa lole, utuchi uli mbuu m'tsitsi, anandikuwira m'khutu kuti Tumbikani ndi munthu wabwino chomene, sabera pa makireti, sachita ndewu. Kenaka anandifunsa kuti ndikufunsiranji. Ndinati ndikufuna kugula ng'ombe kwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa thalauza langa la choko, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Loweruka lachitatu ndinatsikira kuseri kwa msika, pa shabini ya masese. Ndinkati mwina mowa wamakolo undipepesa. Kalanga ine! Unali wosasa, wothira madzi mpaka kuona pansi pa ndowa. Chipanda chinali chimodzi, chozungulira anthu khumi ndi awiri, ndipo amene ankandipatsira ine anali ndi zilonda m'mbali mwa milomo. Ntchentche ikagweramo ankangoivuula ndi chala, n'kuyamwa chalacho kuti mowa usaonongeke. Ndiwo yake inali chikopa cha ng'ombe chowaula, choti ungatafune kuyambira Loweruka mpaka Lolemba.

Pamenepo mkulu wina anandigwira bondo n'kundifunsa mwaulemu ngati ine ndine mphunzitsi wa Chichewa uja, asibweni a msungwana wa ku Kasungu. Asibweni ndiye amalume kunoko. Anati boma lonse likudziwa kuti ndikuzungulira m'mabala kufunsa za Tumbikani, ndipo a kwawo akudabwa kuti ndikudzivutiranji m'malo onyansa pamene bala yawo ili pa Mphambano, pa msewu wa ku Embangweni. Anati akundidikira. Ine n'kumadziyesa kazitape!

Onani bwino apa, achemwali. M'mabala atatu onsewa ndinafunsa funso limodzi lokha, lakumwa. Lachiwiri lija ndinkangoti ndifunsa pena pabwino, chifukwa paliponse mseru unkandithamangitsa ndisanakhazikike. Masabata atatu ndinatha ndikuweruza mowa ndi zimbudzi, za mwana wanu ndili nazo m'thumba.

Pa 21 Juni ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita pa Mphambano. Titangofika ndinadziwa kuti ndalowa dziko lina. Bwalo losesa, lowaza madzi kuti fumbi ligone. Maluwa obzala m'matayala akale. Mipando yopukuta, nyimbo zolira pansipansi zoti mungathe kumvana. Furiji ya sola, yosungiramo zakumwa zokhazokha. Botolo litafika linali likutuluka thukuta, ndipo nditameza kamodzi ndinatsinzina. Ndinapita dala kukayendera chimbudzi. Chinali ndi chovindikira, phulusa, ndi madzi osamba m'manja pakhomo, sopo ali pomwepo.

Anandilandira mkulu wina wa imvi, a Malizani. Sanandilole kukhala pa benchi, ananditengera pansi pa mtengo kuseri, pampando wa ndalema. Posakhalitsa anafika bambo ake a Tumbikani ndi madoda ena anayi. Tumbikani mwini wake ananjuta chapatali, chipewa chili m'manja, maso pansi. Ndinamva mbuzi ikulira kuseri kwa mpanda, kenaka inaleka.

Kunabwera mayi wina wachitsikana, wa chitenje chaudongo. Anagwada, n'kundisambitsa m'manja ndi madzi ofunda. Ofunda, achemwali, mu Juni wa ku Mzimba! Atatero anabweretsa chiwindi chootcha, chokulunga m'mafuta ake omwe, mchere pang'ono ndi kambuzi wosinja pambali. Ine chibadwire sindinadyeko chiwindi chotero. Sichinkafuna mano. Pambuyo pake panabwera matumbo opota, kenaka nthiti, ndipo botolo likangotsala pang'ono lina linali litafika kale. Ndinamuthokoza mayiyo, ndinati Mthokozi adzaphunzira zambiri kwa inu alamu ake. Anandiyang'ana kamodzi n'kuchoka.

Ndili pa botolo lachinayi, a Malizani anakonza kukhosi. Anati iwo ndi thenga wa banjalo, kunena kwake nkhoswe yonyamula mawu. Anati akondwa kuti ndabwera ndekha kudzaona ndi maso, ndipo akupempha ndiwauze njira ya ku Malomo, chifukwa mwa mwambo wawo nkhani ya mwana wamkazi amakamba ndi bambo wake womubereka.

Mawu amenewo anandilasa. Mukundidziwa ine ndikamwa, ndimakula. Ndinaimirira, botolo lili m'manja, n'kuyamba kuwaphunzitsa anthu akuluakulu ngati ana a Sitandade 5. Ndinati kwathu bambo ndi mkamwini chabe, mwini ana ndi malume, ndipo malumeyo ndi ine Bestone, mawu anga ndi omaliza. Alamu andikhululukire, ndinawachepetsa pa anthu. Ndinati banja lodziwa kusunga mowa chonchi, lodziwa kuvindikira chimbudzi, silingalephere kusunga mwana wa munthu. Ndinati mwana ndakupatsani.

A Malizani anandifunsa ngati ndaona zonse za pakhomopo. Ndinati ndaona. Anafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati asibweni aona zonse ndipo akondwa. Ndinati ndakondwa chomene, n'kuwonjezera yewo, zikomo wa kunoko, kuti aone kuti chinenero chawo ndikuchitola. Anafunsa kachitatu, akuyang'ana madoda aja mmodzimmodzi. Ndinati kodi mukufuna ndilumbire? Pamenepo anaomba m'manja onse pamodzi, ndipo kuseri kwa mpanda amayi analuluta. Pobwerera ndinanyamula mwendo wa mbuzi wokulunga m'masamba a nthochi.

Tsiku lomwelo ndinakuimbirani. Ndinati mnyamata ndi wabwino, samwa, kwawo ndi anthu aulemu. Munandifunsa za funso lachiwiri, ndipo ndinati zonse ndafufuza. Ndinanama, achemwali. Inu munayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi pafoni pomwepo. M'mawa mwake Mthokozi anandiimbira akulira ndi chimwemwe, akuti amalume mwandichitira zazikulu, ndipo kumapeto kwa Julaye apereka kalata yosiya ntchito kuti adzakhale ku Engutwini.

Loweruka lotsatira ndinapitanso pa Mphambano. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinapita kukafufuza, koma ndinapitira chiwindi. Ndinadya, ndinamwa, ananditchula asibweni, ndinabwerako. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Dzana, Loweruka, ndinapitanso kachitatu. Ndinapeza amuna onse apita kumaliro kumudzi wina, pabala pali mayi uja yekha, ndi tiana tiwiri tikusewera pakhonde. Anandisambitsa m'manja monga kale, anaika mbale, koma sanachoke. Anakhala pansi chapatali n'kunena kuti ndapota, chonde asibweni, ndili ndi funso. Chichewa chake chinali chapang'onopang'ono, chosankha mawu.

Anafunsa ngati mwana wathu akudziwa kuti iyeyo alipo.

Ndinati alipo bwanji? Anati dzina lake ndi Selina, mkazi wa Tumbikani, chaka chino n'chachisanu ndi chitatu. Ng'ombe za malobolo zinapita kwawo kalekale. Ana awiri a pakhondewo ndi a Tumbikani. Zaka zisanu zimene mwamunayo anali ku Joni, balayo ankayendetsa ndi iyeyo. Maluwa anabzala ndi iye, furiji anagula ndi iye, chovindikira cha kuchimbudzi anakhoma yekha ndi manja ake. Chiwindi amaotcha ndi iye.

Mwamva, achemwali? Zonse zimene ndinaziona n'kunena kuti banja ili lisunga mwana wathu, zinali ntchito za mkazi wamkulu. Ine ndinapereka Mthokozi ku mitala chifukwa mkazi mnzake amadziwa kuphika.

Selina sanakweze mawu, sanalire. Anati iye sakukana, kunoko zimachitika, ndipo ngakhale atakana sangachoke, chifukwa ana ndi a kuchimuna, akachoka awasiya. Anati anamuuza kuti msungwanayo akudziwa, ndipo malume wake abwera kudzaona mkazi wamkulu ndi maso. N'chifukwa chake anamutuma iyeyo kudzandigwadira ndi madzi. Koma nditamutchula kuti mlamu, anadziwa kuti palibe chimene ndikudziwa, ndipo masabata awiri wakhala akulimbana ndi mtima. Anati mbwenu, basi, ngati mwanayo abwere, abwere akudziwa, asadzamuone iyeyo ngati mfiti pa tsiku loyamba.

Ndinayang'ana mbale ija, chiwindi chili theka. Ndinathamangira kuchimbudzi chaudongo chija n'kusanza zonse. Pa Chigayo ndinanyansidwa, pa Makontena ndinanyansidwa, pa shabini ndinanyansidwa, koma sindinasanze. Chimene chinandisanzitsa ndi ine mwini. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wophunzitsa ana a anthu, kulephera kufunsa funso limodzi chifukwa pakamwa pali nyama!

Ndili panjira ndinamuimbira Mthokozi n'kumufunsa mozungulira ngati mnzakeyo anayamba wakhalapo pabanja. Anaseka. Anati amalume, analumbira atagwira Baibulo kuti sanakwatirepo, ndipo inu nomwe mwafufuza. Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula.

Dzulo anthu atatuluka m'tchalitchi ndinapita kwa a Malizani. Ndinalowa ndi ukali, ndinati mwandipusitsa. Mkuluyo anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenaka anati iwo sanabise kanthu. Mkazi anandigwadira masana dzuwa likuswa mtengo, ana anali pakhonde, ndipo anandifunsa katatu pamaso pa madoda ngati ndaona zonse. Zimene mnyamata anauza msungwana ku Kasungu iwo sanazimve, anamva zimene ananena malume. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Ndinati ndiye ndikubweza mawu anga. Anapukusa mutu. Anati mawu a munthu wamkulu, onenedwa ataimirira, mbuzi itaphedwa, sabwezedwa ngati botolo lopanda kanthu. Ndikawabweza ine ndekha ndiye kuti banja lathu lonse latukwana banja lawo, ndipo nkhaniyo ikathera pabwalo, dzina la Mthokozi likutchulidwa pa anthu. Kenaka anati pokhapokha zitadziwika kuti wonenayo analibe mphamvu yonena. Zikatero palibe watukwanidwa, iwo angoti tinalakwitsa khomo, n'kuyambiranso kupempha kwa eni ake enieni, amene angavomere kapena kukana. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, ndipo ndikuganiza kuti anandimvera chisoni.

Akubwera ku Malomo Loweruka likubwerali, pa 12, iwo ndi madoda awiri. Akubwera atanyamula mawu anga.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha nditagwada. Choyamba, pitani ku Kasungu kalatayi ikangofika, osati pafoni, mukamuuze Mthokozi maso ndi maso. Kalata yosiya ntchito ija asapereke. Akamva zonse n'kunena kuti akumufunabe, ndi wamkulu, tidzalira koma adzakhala atasankha yekha. Chimene sindingapirire n'chakuti akatsike galimoto ku Engutwini ndi masutikesi ake, ntchito atasiya, n'kulandiridwa ndi mkazi mnzake.

Chachiwiri, dzina la Selina lisatuluke pakamwa panu. Muziti Bestone anamva m'mabala. Mayi ameneyu akhalabe pakhomo paja ife tikatha zathu.

Chachitatu ndiye chovuta. Itanani mng'ono wanga Stewart achoke ku Mponela afike Lachisanu. Alendo akakhala pansi, Stewart aimirire anene kuti mwini mbumba ndi iyeyo. Anene kuti Bestone ndi chidakwa, banja linamulanda udindo, palibe anamutuma kukapereka mwana, ndipo zimene analankhula analankhula ndi mowa. Inu muvomereze mokweza. Musafewetse, musati mwina sanamvetse, musati anali atatopa. Mukandisiyira kaulemu ngakhale kochepa, mawu anga akhala amoyo, ndipo amumanga Mthokozi.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Kumudzi kwathu mawu otere sanenedwa mongoyerekeza. Akamveka kamodzi pabwalo, apita. Sindidzakhalanso kutsogolo pa chinkhoswe cha mwana aliyense wa inu kapena wa alongo athu ena, pamaliro sadzandifunsanso kuti tiika liti, ndipo ana amene ndinawanyamula ali makanda azidzapita kwa Stewart ine ndili pomwepo. Amayi anandisiyira udindo umenewu ali pa mphasa yawo yomaliza. Zikundiwawa, achemwali, zikundiwawa kwambiri. Koma Stewart akadzanena kuti ndinalankhula ndi mowa, sadzakhala akunama.

Ine ndibwera. Ndapempha kale kwa ahedi, ndinyamuka Lachisanu ndikaweruka. Musandiikire mpando. Ndidzakhala pansi kumbuyo, pamene alendo angandione bwino, ndipo a Malizani akadzandiyang'ana kuti nditsutse, ndidzaweramitsa mutu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndili ndi mawu owapepesa ndikafika. Moni kwa azakhali ndi ana onse. Kwa Mthokozi musandiperekere moni, sangaufune pakali pano. Mungomugwira dzanja pomuuza, ndipo akafuna wotukwana, mumupatse nambala yanga, ndidzayankha.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ulendo wa ku Kasungu, ndipo amugwire mtima mwana wathu.

Ndine mlongo wanu,
Bestone.